Kodi Tingaweruze Munthu Amene Palibe?

Anthu atatu aba mbuzi usiku. Kutaca, apolisi agwira awiri, koma wacitatu saoneka. Ena akuti wathawa, ena akuti anapita ku ulendo kale-kale, ndipo palibe amene adziwa bwino kumene ali. Tsiku la mlandu lafika. Woweruza wakhala pa mpando wace, mwini mbuzi wabwera ndi mboni zace, anthu awiri aja aimirira kutsogolo, koma pa malo a wacitatu palibe munthu. Kodi woweruza acite ciani? Aimitse mlandu wonse kufikira wacitatuyo atapezeka? Aweruze awiri okhawo? Kapena aweruze onse atatu pamodzi, ngakhale mmodzi sanamve konse zimene zanenedwa za iye?

Funso limeneli lioneka ngati la maloya ndi oweruza okha, koma si tero ai. Liri la mfumu pa bwalo lace, la akulu a mpingo, la mai amene ana ace aswa mtsuko, ndiponso la mphunzitsi. Ine ndakhala mphunzitsi wamkulu zaka zingapo, ndipo tsiku lina ndinaliyankha molakwa. Ndiyambe ndi kulakwa kwangako, pakuti ndiko kunandiphunzitsa kuganiza za nkhani imeneyi.

ZIMENE ZINACITIKA PA SUKULU

Tsiku lina Lolemba m'mawa tinapeza zenera la cipinda cosungiramo katundu litathyoledwa, ndipo makope ndi mapensulo ambiri atabedwa. Pofika masana makope ena anapezeka m'zikwama za anyamata awiri a Sitandade 7. Nditawaitana mu ofesi anabvomera msanga kuti analowa m'cipindamo Loweruka usiku, koma onse awiri anati, "Aphunzitsi, ife tinangotsatira. Mwini nzeru imeneyi ndi mnzathu uja. Ndiye anathyola zenera, ndiyenso anatenga makope ambiri."

Mnzao amene anamuchulayo sanabwere ku sukulu tsiku limenelo, ngakhalenso mawa lace. Ine ndinati mumtima mwanga, "Wathawa cifukwa adziwa cimene wacita." Kusabwera kwace ndinakuyesa umboni. Lacitatu m'mawa ndinaimirira pamaso pa ana onse ndi kuchula maina atatu. Awiri aja ndinawapatsa cilango copepuka, cokumba dzenje la zinyalala, cifukwa anabvomera. Za wacitatu ndinati ndiye mtsogoleri wa akuba, ndipo asalowenso m'kalasi kufikira makolo ace atabweza katundu wa sukulu.

Patapita masabata atatu mnyamatayo anafika pamodzi ndi atsibweni ace. Atsibweniwo sanakalipe. Anakhala pansi, napereka moni, nati, "Aphunzitsi, tamva za mlandu wa mwanayu. Koma iye anacoka pa mudzi Lacinai kuperekeza amai ace ku cipatala ca kutali, kumene anakagona ndi mwana wodwala. Zenera lanu linathyoledwa Loweruka. Kalata ya ku cipatala ndi iyi." Nditaitananso awiri aja, anaulula kuti anachula mnzaoyo cifukwa anadziwa kuti ali kutali, ndipo sangawatsutse.

Ndinapepesa pamaso pa sukulu yonse, koma akulu anati pepani sapoletsa cilonda. Ana anali atampatsa kale dzina la wakuba, ndipo dzina loipa silicoka msanga. Teremu itatha mnyamatayo sanabwerenso. Anali mwana wanzeru pa masamu, ndipo mpaka lero ndikaona dzina lace m'kaundula wakale mtima umandipweteka.

MBALI ZIWIRI ZA FUNSOLI

Wina atamva nkhani yangayi angafulumire kunena kuti, "Yankho ndi lapafupi: mlandu uziima kufikira onse atafika." Makolo athu anali ndi maganizo otere. Pa bwalo la mfumu munthu akapanda kubwera, nduna zinkati, "Mlandu suola," ndipo anthu ankabalalika kufikira tsiku lina. Ankatuma mthenga kwa mwini mbumba kuti abwere naye m'bale waceyo. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma tikumbukire kuti pa mudzi anthu amadziwana, ndipo wothawa sapita kutali. Njala kapena maliro zidzambweza. Lero munthu angathe kukwera basi madzulo, nafika m'dziko lina kusanace.

Ndiponso milandu imene tiri kukamba pano ndi ya upandu, ndiyo milandu monga kuba, kubvulaza ndi kupha, imene Boma ndilo limaimba munthu mlandu, ndipo cilango cace kawiri-kawiri cimakhala ndende. Pa milandu yotere kudikira kumapweteka anthu. Woyamba kupwetekedwa ndi mwini mbuzi, amene wataya cuma cace ndipo angoyenda ku bwalo kopanda comvako. Aciwiri ndi anthu awiri aja amene anagwidwa. Ngati sanapatsidwe belo, ali m'ndende kudikira mnzao, ndipo kapena mmodzi wa iwo ndi wosalakwa. Kodi agone m'ndende caka cathunthu cifukwa ca munthu amene iye sangathe kumubweza? Tiganizenso za mboni. Munthu amaiwala, amasamuka, amamwalira. Mlandu suola, inde, koma umboni umaola.

Pali cinanso. Cikhala kuti kuthawa kwa mmodzi kumaimitsa mlandu wa onse, akuba akadayamba kupangana asanabe kuti, "Zikabvuta, iwe uthawe." Pamenepo wolamula bwalo sakadakhala woweruza ai, koma wothawa uja.

Koma mbali inayo ndi yolemeranso. Malo opanda munthu pa bwalo ali ngati dzenje pakati pa munda: madzi onse a mvula amathamangira m'menemo. Amene alipo ali ndi pakamwa, amene palibe alibe. Munthu wogwidwa amafuna kupepuza katundu wace, ndipo palibe mutu wosabvuta kuusenzetsa ngati wa munthu amene sangakane. Woweruza nayenso ndi munthu. Akamva mbali imodzi yokha nkhaniyo imamveka yoongoka, cifukwa palibe amene aimirira ndi kufunsa funso lobvuta. Ndipo kusabwera kuli ndi zifukwa zambiri. Wina wathawadi, wina wadwala, wina sanalandire kalata yomuitana, wina anamwalira anthu osadziwa. Kuyang'ana mpando wopanda munthu sikungatiuze kuti cifukwa cace ndi citi.

MLANDU WA KU NUREMBERG

Funso limeneli linabvuta ngakhale oweruza akulu a dziko lapansi. Tiyeni tione m'mene iwo anacitira.

Nkhondo Yaikulu Yaciwiri itatha m'caka ca 1945, maiko anai amene anapambana, ndiwo Britain, America, France ndi Soviet Union, anakhazikitsa bwalo mu mzinda wa Nuremberg, m'dziko la Germany, kuti aweruze atsogoleri a boma la Adolf Hitler. Milandu yao inali yoopsa: kuyambitsa nkhondo, kupha asilikari ogwidwa, kugwiritsa anthu nchito ya ukapolo, ndi kupha Ayuda mamiliyoni. Hitler mwini anali atadzipha kale mu Epulo 1945. Mlandu unayamba pa 20 Novembala 1945. Oimbidwa mlandu anali 24, koma amene anaonekera pamaso pa oweruza anali 21 okha. Atatu anasowa, yense pa cifukwa cace-cace, ndipo oweruza sanawacitire cimodzi-modzi.

Woyamba anali Robert Ley. Iye anadzipha m'ndende mu Okutobala 1945, mlandu usanayambe. Imfa yace inali yodziwika, ndipo mlandu wace unathera pomwepo, pakuti bwalo la anthu siliweruza wakufa.

Waciwiri anali Gustav Krupp, mwini mafakitale akulu opanga zitsulo ndi zida za nkhondo. Anali nkhalamba ya zaka 75, wodwala kwambiri, ndipo nzeru zace zinali zitasokonezeka. Madokotala atamuyesa ananena kuti sangathe kutsatira mlandu. Ena mwa oimba mlandu anapempha kuti aweruzidwe iye palibe, kapena kuti mwana wace, Alfried, aikidwe pa mlandu m'malo mwace. Oweruza anakana zonse ziwiri, ndipo ine ndiganiza kuti anacita bwino. Wodwala sanathawe, matenda ndiwo amtsekera njira. Ndiponso mlandu wa upandu si cuma ca masiye kuti mwana aulandire kwa atate wace. Alfried anaweruzidwa pambuyo pace pa bwalo lina, pa milandu ya iye mwini, ndipo atate wace anamwalira mu 1950 osazengedwa mlandu.

Wacitatu anali Martin Bormann, mlembi wa Hitler, munthu wa mphamvu zambiri m'cipani ca Nazi, amene makalata ndi malamulo ambiri ankadzera m'manja mwace. Iye anaonedwa komariza mu mzinda wa Berlin kuciyambi kwa Meyi 1945, ali kuthawa asilikari a Soviet Union. Ngati anali moyo kapena ai, sizinadziwike. Lamulo lokhazikitsa bwalolo linalola kuweruza munthu amene sanapezeke, ndipo oweruza anasankha kumuweruza pamodzi ndi anzace. Koma anacita zinthu zitatu. Coyamba, analengeza pa wailesi ndi m'manyuzipepala kuti Bormann abwere kudzayankha mlandu. Caciwiri, anasankha loya, dzina lace Friedrich Bergold, kuti amuimirire. Cacitatu, pogamula analemba kuti ngati Bormann adzapezeka wamoyo, olamula dzikolo angathe kumva zomupepuzira mlandu, nasintha kapena kucepetsa cilango cace.

Nchito ya Bergold inali yobvuta ndithu. Loya amadalira mwini mlandu kuti amuuze kumene anali, amene anali naye, ndi mboni zoyenera kuitanidwa. Bergold analibe womufunsa. Tsono anayesa kuonetsa kuti Bormann anafa, ndipo woyendetsa galimoto wa Hitler anapereka umboni wakuti anamuona pafupi ndi galimoto la nkhondo pamene linaphulika. Koma mtembo panalibe, ndipo oweruza anati umboni wa imfa sunakwane. Nthawi yonseyo ambiri mwa 21 aja, pofuna kudzipulumutsa, ankakankhira zoipa kwa anthu amene panalibe, monga Hitler, Heinrich Himmler ndi Bormann. Dzenje lija linalandira madzi ambiri.

Oweruza sanatsamire pa mau a anthu odzipulumutsawo. Pa mlandu wa Bormann anadalira makamaka makalata ndi malamulo amene iye mwini anasaina. Anampeza wolakwa pa milandu iwiri, wa zoipa za pa nkhondo ndi wa nkhanza zocitira anthu wamba. Koma pa mlandu wa kupangana kuyambitsa nkhondo anati umboni sunakwane, nammasula pa umenewo, ngakhale iye panalibe. Pa 1 Okutobala 1946 zilango zinalengezedwa. Anthu 12 anagamulidwa kuti anyongedwe, mmodzi wa iwo Bormann, 7 anapatsidwa ndende, 3 anamasulidwa. Anazengedwa mlandu pamodzi, koma yense anayesedwa payekha.

Nkhaniyi sinathere pamenepo. Kwa zaka zambiri mphekesera zinkamveka kuti Bormann waonedwa ku South America ndi kwina. Tsono mu Disembala 1972 anthu okumba pansi mu Berlin, pafupi ndi siteshoni ya sitima, anapeza mafupa a anthu. Akatswiri anayerekeza mano a cigaza cimodzi ndi zolembedwa za mano a Bormann, napeza kuti zikugwirizana. M'caka ca 1998 mafupawo anayesedwanso ndi njira ya sayansi ya DNA, imene imaonetsa ubale wa anthu, ndipo zinatsimikizika kuti ndi iyedi. Anafa pa 2 Meyi 1945. Motero bwalo lalikulu lija linagamula imfa kwa munthu amene anali atagona pansi miyezi 17.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti Bormann anali wosalakwa. Makalata ace amtsutsa kufikira lero. Cimene ndifuna kuti tione ndi ici: oweruza ophunzira a maiko anai, okhala ndi asilikari ndi akazitape ocuruka owathandiza, sanathe kudziwa cifukwa cimene mpando uja unalibe munthu. Nanga ine, mphunzitsi wa kumudzi, ndinadziwa bwanji m'masiku awiri okha kuti mwana uja wathawa?

MLANDU WA KU UGANDA

Patapita zaka maiko anaganizanso za nkhaniyi. M'caka ca 1966 bungwe la United Nations linalemba pangano la ufulu wa anthu, ndipo umodzi wa maufuluwo ndi wakuti woimbidwa mlandu aweruzidwe iye ali pomwepo. M'caka ca 2002 bwalo la maiko onse loweruza milandu yoopsa linayamba nchito mu mzinda wa The Hague, ku Netherlands. Lamulo la bwalo limeneli likuti woimbidwa mlandu ayenera kukhalapo pozenga mlandu wace. Iyi ndi njira yosiyana ndi ya ku Nuremberg.

M'caka ca 2005 bwaloli linalamula kuti agwidwe atsogoleri 5 a gulu la zigawenga la Lord's Resistance Army, limene linazunza anthu a kumpoto kwa Uganda, kupha, kuocha midzi ndi kuba ana. Mkulu wao anali Joseph Kony. Zaka zinapita osagwidwa ndi mmodzi yemwe, ndipo atatu a iwo anamwalira asanafike ku bwalo. Mu Januwale 2015 mmodzi, dzina lace Dominic Ongwen, anaperekedwa m'manja mwa bwalolo. Oweruza sanamsunge kudikira Kony, ndiponso sanaike Kony pa mlandu iye palibe. Analekanitsa mlandu wa Ongwen ndi wa anzace, nayamba kuuzenga mu Disembala 2016.

Maloya a Ongwen anati munthuyu anabedwa ndi zigawengazo ali mwana wamng'ono, pa njira ya ku sukulu, ndipo zonse zimene anacita anazicita poopa Kony. Taonani, dzenje lija lapezekanso. Koma pano munali coona m'mau amenewa, pakuti anabedwadi ali mwana, ndipo ine monga mphunzitsi sindingathe kuganiza za mwana wotere wopanda cisoni. Oweruza anamva mboni zambiri. Pa 4 Febuluwale 2021 anampeza wolakwa pa milandu 61, cifukwa anaona kuti zoipazo anazicita ali munthu wamkulu, wolamula asilikari ace, ndipo nthawi zambiri ali kutali ndi Kony. Koma pompatsa cilango anakumbukira ubwana wace, nampatsa zaka 25 m'malo mwa ndende ya moyo wonse.

Pano tiona cilungamo cikuyenda mosamala pakati pa amene alipo ndi amene palibe. Dzina la Kony silinasambitse Ongwen, ndipo cigamulo ca Ongwen sicinakhale cigamulo ca Kony. M'caka ca 2025 oweruza anamva umboni woyambirira wa milandu ya Kony iye palibe, loya akumuimirira. Koma mwa lamulo la bwalolo mlandu weni-weni suzengedwa mwini wace asanafike. Njira imeneyi nayonso iri ndi cisoni cace. Anthu amene ana ao anabedwa anadikira zaka 20 kucokera 2005, ndipo ambiri anatsikira kuli cete osaona mkulu wa zigawengazo ali pa bwalo.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Tsono taona kuti kudikira kumapweteka, ndipo kufulumira kumapwetekanso. Palibe njira yopanda minga. Koma nditaganiza nthawi yaitali za milandu iwiriyi, ndi za kulakwa kwanga, ndapeza zinthu zinai zimene ndiyesa kuti woweruza aliyense ayenera kuzisunga.

Coyamba, amene alipo aweruzidwe osacedwa, yense pa zocita zace. Kuthawa kwa mnzace kusamsunge m'ndende, ndiponso kusammasule. Woweruza afunse kuti, "Kodi munthu uyu amene waima pano anacita ciani ndi manja ace?" Akuba atatu sali munthu mmodzi. Wina anathyola khola, wina anadikira pa njira, wina kapena anangogula nyama osadziwa kumene yacokera.

Caciwiri, mau a wogwidwa onena za mnzace amene palibe alandiridwe mocenjera kwambiri. M'malamulo a ku England, amene mabwalo athu anatengerako zambiri, muli lamulo lakale lakuti zimene munthu waulula kwa apolisi ndi umboni wotsutsa iye mwini, osati mnzace amene wamuchula. Lamulo limeneli ndi lanzeru, cifukwa lidziwa mtima wa munthu wogwidwa. Cikhala kuti ndinalitsata pa sukulu paja, ndikadafunsa kuti, "Kupatula mau a anyamata awiriwa, ndiri ndi umboni wanji?" Ndipo ndikadapeza kuti ndiribe ngakhale umodzi.

Cacitatu, bwalo lisanaweruze amene palibe, lifunse cifukwa cimene sanabwerere. Munthu amene anauzidwa tsiku la mlandu, nasankha yekha kuthawa, wataya mwai wace ndi dzanja lace, ndipo sangadandaule kwambiri bwalo likapitirira. Koma wodwala, kapena amene sanamve kuti aitanidwa, sanataye kanthu. Ife ndife timlanda. Ndipo ngakhale wothawadi apatsidwe womlankhulira, kuti pakhale wina wofunsa mboni mafunso. Komabe tisadzinyenge kuti womlankhulira alingana ndi mwini mlandu. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo Bergold anaona yekha kucepa kwa loya wopanda womuuza.

Cacinai, khomo likhale lotseguka. Cigamulo coperekedwa munthu palibe cikhale congoyembekezera. Tsiku limene adzabwera amvedwe, mboni zace ziitanidwe, ndipo woweruza asacite manyazi kusintha mau ace. Koposa zonse, cilango cimene sicingabwezedwe cisaperekedwe kwa munthu amene sanatsegule pakamwa pace. Ndalama zingabwezedwe, khomo la ndende lingatsegulidwe, koma moyo subwera kawiri. Ndipo ine ndinaphunzira mocedwa kuti mbiri ya munthu nayonso siibwera msanga.

Kapena wina adzati, "Kodi zonsezi si kucitira cifundo zigawenga? Munthu wabwino amathawa ciani?" Funso limeneli ndi la mphamvu, koma liri ndi colakwa cimodzi: layamba layesa kale kuti tidziwa amene ali cigawenga. Nchito ya bwalo ndiyo kupeza cimeneco, ndipo sicipezeka munthu asanamvedwe. Malamulo amenewa sanaikidwe cifukwa cokonda akuba ai, koma cifukwa ca munthu wosalakwa amene dzina lace lachulidwa iye ali kutali. Munthu ameneyo angakhale mwana wanu amene ali ku nchito ku dziko lina, angakhalenso inu nomwe. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

MABWALO ATHU A TSIKU NDI TSIKU

Ambiri a ife sitidzakhala konse pa mpando wa woweruza wa Boma. Koma tsiku ndi tsiku timakhala pa mabwalo ena opanda dzina: pa citsime, pa mowa, pa maliro, pa khonde madzulo. Pamenepo milandu ya anthu amene palibe imazengedwa msanga-msanga, mboni imakhala imodzi, womlankhulira sakhalapo, ndipo cigamulo cimafika m'mudzi monse dzuwa lisanalowe. Mkamwini waweruzidwa ali ku munda, mpongozi waweruzidwa ali ku cigayo. Pamene mumva nkhani yotere, dzifunseni mafunso awiri: "Kodi wondiuzayu apindula ciani ndikamkhulupirira? Nanga mwini dzinalo akadakhala pano akadati ciani?" Kuona maso a nkhono ndi kudekha.

Ine tsopano, ana akalakwa pamodzi ndipo mmodzi palibe, ndimatsiriza mlandu wa amene alipo tsiku lomwelo. Dzina la amene palibe ndimalilemba m'buku ndi pensulo, osati ndi inki, ndipo sindilichula pamaso pa ana ena. Ndimatuma mwana kwao kukafunsa ngati ali bwino, ndipo ndimadikira. Nthawi zina wobwerayo amapezeka kuti ndi wolakwadi, nalandira cilango cace. Kudikira kwanga sikunampulumutse. Koma nthawi zina ndimatenga cofufutira, ndipo palibe amene adziwa kuti dzinalo linalembedwapo.

Atsibweni a mnyamata uja potsazika anaima pa khomo la ofesi nati, "Aphunzitsi, ife sitikukwiyirani. Koma muli ndi makutu awiri. Limodzi munapatsa anyamata aja, ndipo munacita bwino. Linalo mukadasungira mwanayu."